Azitona ku Lusaka: yambani ndi mitengo makumi asanu, osati ndi penshoni yonse

Aliyense amene amagula zinthu m'masitolo akuluakulu a ku Kabulonga, ku Woodlands kapena ku Manda Hill anaonapo kabotolo kobiriwira ka mafuta a azitona kataima pashelefu pafupi ndi saladi, ndipo anaona kuti theka la lita la mafutawa limatha kudula kuposa malita awiri a saladi wa mpendadzuwa kapena wa soya. Mukakatembenuza kabotoloko mumapeza kuti kachokera ku Spain, ku Italy kapena ku South Africa. Munthu amene ali ndi malo ku Chongwe, ku Chisamba, ku Shimabala kapena ku Lusaka West akaona zimenezi, sizodabwitsa kuti mumtima mwake mumabwera funso lakuti bwanji osadzala mitengoyi kwathu kuno, kumene nthaka ilipo ndipo dzuwa silisowa. Funsoli ndi labwino, ndipo anthu amene amalifunsa ndi amene dziko likuwafuna, chifukwa akuganiza zopanga chinthu m'malo mongogula ndi kugulitsa. Koma ine ndikuona kuti ambiri amayambira kuwerengera kumapeto kwa nkhani. Amatenga mtengo wa pashelefu, n'kuuchulukitsa ndi malita amene akuwalota, n'kuona mamiliyoni. Kuwerengera koona kumayambira pa duwa la mtengo wa azitona, n'kudutsa pa zaka zodikira, pa madzi, pa makina oyengera, kenako n'kufika pa wogula. Munthu akatsata njira imeneyo moona mtima, aona kuti ku Lusaka lero azitona ndi mbewu yoyesa, ndipo ndalama zoyenera kuikapo ndi zokhazo zimene banja lingazitaye popanda ana kuchoka pasukulu.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri tsopano kuposa kale. Kuyambira mu Epulo 2023, lamulo linalola mamembala a bungwe la penshoni la NAPSA amene akwanitsa zofunika kutapa 20 peresenti ya zosonkha zawo asanapume pantchito, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki a m'maofesi, anthu a ku Kabwata ndi ku Chelstone, anagwira ndalama zochuluka pa kamodzi zimene ena anali asanazigwirepo. Onjezerani amene apuma pantchito, amene ali kunja ndipo amatumiza ndalama kuti abale awagulire famu, ndi amene atopa ndi chimanga chimene phindu lake limadalira feteleza ndi mtengo wogulira wa bungwe la boma la FRA. Anthu onsewa akufunafuna mbewu ya mtengo wapatali imene ingawasunge paukalamba. Ndalama za mtundu umenewu sizibwera kawiri, n'chifukwa chake kuzisamala pa nkhani ya mbewu yosadziwika bwino si mantha ayi.

Tiyambe ndi duwa, popeza popanda duwa zina zonse n'zopanda pake. Mtengo wa azitona ndi wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira ndipo nyengo yotentha imakhala youma. Kuti uphukire maluwa, umafuna masabata angapo a kuzizira kokhazikika, ndipo masana akatentha kwambiri m'masabata amenewo, kuzizira kwa usiku kumapita pachabe. Ukapanda kuzizidwa mokwanira sufa. Umakula bwino, umachita masamba okongola otuwa kunsi kwake, mwini munda n'kumasangalala poona nthambi zikutambalala, koma chaka ndi chaka maluwa amakhala ochepa kapena sakhalapo n'komwe. Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu, chifukwa chimanga chikakanika mumadziwa mu Febuluwale, koma azitona akakanika mumadziwa patatha zaka zisanu, ndalama zitapita kale. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka kutsika madigiri 10, pamene masana kumafunda kupitirira madigiri 20. Kumeneko ndi kukhala pamalire: sitinganene kuti n'zosatheka, komanso palibe amene angalonjeze kuti zitheka chaka chilichonse. Ndipo maluwa akatuluka, akumana ndi kutentha ndi mphepo youma ya Sepitembala ndi Okutobala, imene imayoyola maluwa asanagwire zipatso. Zipatso zimene zapulumuka zikulira m'dzinja, m'chinyezi cha Januwale ndi Febuluwale, nyengo imene matenda a nkhungu oola zipatso ndi othothola masamba amakonda. Kwawo kwa mtengowu zipatso zimakulira m'chilimwe chouma, pamene kwathu kuno kalendala yatembenuka.

Wina anganene kuti azitona amalimidwa m'maiko ena otentha, ndipo akunena zoona, koma zitsanzo zimenezo ndi zimene zikutichenjeza. Ku Peru, m'chigawo cha Tacna, azitona akhala akulimidwa kwa zaka mazana ambiri ngakhale kuti malowo ali kutali ndi Mediterranean, chifukwa madzi ozizira a m'nyanja ya Pacific amaziziritsa gombe lonse. Koma mu 2023, El Niño atafunditsa nyengo yozizira, mitengo sinachite maluwa mokwanira ndipo zokolola za 2024 zinagwa koopsa. Ku India, boma la Rajasthan linayamba ntchito ya azitona cha mu 2007 mothandizana ndi akatswiri a ku Israel, linaitanitsa mbande zambirimbiri n'kuzidzala m'mafamu a boma asanu ndi awiri. M'mafamu ena mitengo inabala, m'mafamu ena inangochita masamba, mpaka anayamba kupanga tiyi wa masamba a azitona kuti apezeko kanthu. Ku Brazil, m'mapiri a Mantiqueira m'chigawo cha Minas Gerais, mafuta abwino oyamba anayengedwa mu 2008 ku Maria da Fé, koma pambuyo pa zaka zambiri za kafukufuku wa bungwe la boma la EPAMIG, limene linasankha mitundu yogwirizana ndi malowo. Ngakhale ku South Africa, kumene kumachokera ena mwa mabotolo a m'masitolo athu, minda yambiri ya azitona ili ku Western Cape, dera la mvula ya m'nyengo yozizira. Phunziro lake n'lakuti kumene zinatheka, panali kuyesa kwa nthawi yaitali kolipiridwa ndi boma kapena ndi anthu a mpamba waukulu, ndipo ngakhale kumeneko famu ina inabala, ina yoyandikana nayo n'kukanika. Mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Chelstone sayenera kulipira yekha kafukufuku wa dziko lonse ndi penshoni yake.

Tsopano tiyerekeze kuti mwayi wagwa, malo anu ndi ozizira bwino ndipo mtundu umene mwasankha ukuchita maluwa. Chotsatira ndi zaka. Mtengo wa azitona wosamalidwa bwino umayamba kupatsa zipatso zochepa pa zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo umafika pobala mokwanira pa zaka zisanu ndi ziwiri mpaka khumi. M'zaka zonsezo ndalama zimangotuluka: mpanda, mlonda, wantchito wokhala pafamu, manyowa, mankhwala, kutengulira, kupalira, kutchinga moto wolusa wa mu Ogasiti, mafuta a galimoto yopita kufamu Loweruka lililonse. Alimi a ku Spain amadikira zaka zimenezi ndi ngongole zotsika mtengo komanso ndi thandizo la European Union. Ku Zambia, Bank of Zambia inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 14.5 peresenti mu Febuluwale 2025, ndipo mabanki akhala akubwereketsa pa chiwongoladzanja chopitirira 25 peresenti. Masamu ake ndi osavuta. Mukakongola K500,000 pa 25 peresenti pachaka, osabweza kalikonse kwa zaka zisanu pamene mukudikira zipatso, ngongoleyo imapitirira K1.5 miliyoni, botolo loyamba lisanagulitsidwe. Ena amati iwo sakongola, agwiritsa ntchito zawo, choncho chiwongoladzanja sichiwakhudza. Chimawakhudza ndithu, chifukwa ndalama zomwezo zikanabala zikanaikidwa m'mabondi a boma, m'nyumba ya lendi, kapena m'munda wa anyezi ndi tomato umene umabweza mpamba m'miyezi yochepa ku Soweto Market. Phindu limene mwalisiya ndi gawo la mtengo wa munda wanu, ndipo liyenera kulembedwa m'kope limodzi ndi mtengo wa mbande. Pamwamba pa izo, azitona ali ndi chizolowezi chobala kwambiri chaka china n'kupumula chaka chotsatira, kotero amene amawerengera zokolola zofanana chaka chilichonse akudzinamiza.

Mawu amene amakopa anthu ambiri ndi akuti mtengowu umapirira chilala, ndipo pambuyo pa zimene tinaona mu 2024, mawuwa amalowa mumtima. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse, ndipo alimi ambiri anaona chimanga chikuuma chisanamasule. Koma kupirira ndi kubala n'zosiyana. Mtengo wa azitona ukhoza kukhala ndi moyo popanda kuthirira, koma mafuta ogulitsa amafuna madzi panthawi ya maluwa ndi pogwira zipatso, imene kwathu kuno ndi nthawi youma kwambiri pachaka. Ndiye pafunika kubowola chitsime, kuchilembetsa ku bungwe loona za madzi la WARMA ndi kutenga chilolezo cha madzi a ulimi wamalonda, pampu, mathanki ndi mapaipi odontheza madzi patsinde. Pampuyo ikufuna magetsi, ndipo chaka chomwecho cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi kufika maola 21 patsiku. Aliyense wowerengera bwino aikapo mtengo wa sola kuyambira pachiyambi. Ku Spain komweko, kumene mitengoyi yakhala zaka zikwi zambiri, chilala ndi kutentha zinagwetsa zokolola za 2022/23 kufika pa matani pafupifupi 665,000, osakwana theka la chaka cham'mbuyo mwake.

Chilala cha ku Spain chimenecho chikutifikitsa pa mtengo wa pashelefu uja. Dziko la Spain limapanga pafupifupi theka la mafuta a azitona a padziko lonse m'chaka chabwino, choncho likakolola pang'ono, dziko lonse limalipira. Mu Januwale 2024 mtengo wa mafuta abwino kwambiri pamsika wa ku Jaén unafika pafupifupi ma euro 9 pa kilogalamu, ndipo boma la Spain linafika pochotsa kaye msonkho pa mafutawa kuti anthu ake akwanitse kugula. Mvula itabwerera, mtengowo unatsika ndi pafupifupi theka m'chaka cha 2025. Nthawi yomweyo kwacha inali itafooka mpaka kupitirira K27 pa dola imodzi, kenako n'kuyamba kulimba. Izi zikutanthauza kuti mtengo umene unadabwitsa anthu ku Kabulonga unali wa nyengo ya mavuto awiri ophatikizana, ndipo amene akudzala lero adzagulitsa m'chaka chimene palibe amene akuudziwa mtengo wake. Sitiyenera kupita kutali kuti tione mapeto a kudzala motsatira mtengo wa chaka chimodzi. Alimi a makademiya ku Malawi, ku Kenya ndi ku South Africa anakulitsa minda mitengo ili pamwamba, ndipo mu 2022 ndi 2023 anaona mtengo wa makademiya ukugwa minda yawo itangoyamba kubala. Ku Zambia kuno, cha m'ma 2006 mpaka 2010, alimi ambiri anadzala jatrofa polonjezedwa msika wa mafuta a galimoto, koma ogula anazimiririka n'kuwasiya ndi mitengo yosadyedwa. Komanso ndalama ya pashelefu si ya mlimi yense. M'menemo muli phindu la sitolo, la wogawa katundu, botolo lagalasi lakuda loteteza mafuta ku kuwala, chivindikiro, chizindikiro, mayendedwe, ndi kuyezetsa mafuta kuti akwaniritse miyezo ya bungwe la boma la ZABS.

Mbali imene anthu ambiri amaiiwala ndi makina oyengera. Azitona sali ngati mpendadzuwa umene mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke angausunge m'thumba miyezi ingapo n'kukauyenga tsiku limene wapeza mpata. Chipatsochi chikathyoledwa chimayamba kuwonongeka nthawi yomweyo. Chikaunjikidwa m'matumba chimatentha ndi kusasa, ndipo kuti mafuta akhale a gulu lapamwamba lotchedwa extra virgin, amene ndi okhawo odula, chiyenera kuyengedwa pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, asidi wake osapitirira 0.8 peresenti. Ku Andalusia mlimi wamng'ono amathyola m'mawa n'kukatula madzulo ku makina a kopaletivu ya m'mudzi mwake. Mlimi wa ku Chongwe amene alibe mnansi wolima azitona ayenera kugula makina ake, ochokera kunja, olipiridwa ndi ndalama zakunja, ogwira ntchito masabata ochepa pachaka, ndipo kachitsulo kena kakathyoka pakati pa kukolola, kodikira kuchokera ku Italy zipatso zikuola. Lita imodzi ya mafuta imafuna makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso. Hekitala imene yabala matani asanu ipereka malita pakati pa 830 ndi 1,000, ndipo zipatso zonsezo ziyenera kuthyoledwa ndi manja, kamodzikamodzi, ndi anthu a ganyu amene panthawi yomweyo akufunidwa m'minda ya chimanga ndi soya. Gawani mtengo wa makina ndi malita amenewo, muona kuti munda waung'ono sungawabweze, pamene munda waukulu ndi umene sitiyenera kuudzala tisanadziwe ngati mitengo ibala.

Pali chitsutso chimodzi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Chimati dziko silitukuka ndi anthu amantha, ndipo kale ankanena kuti zipatso za mabulosi a buluu sizingalimidwe kuno, koma mu 2020 Zambia inayamba kuzitumiza ku China kuchokera ku Chisamba. Izi n'zoona, ndipo tiyenera kunyadira. Koma taonani mmene zinachitikira. Panali mitundu imene akatswiri anaipanga dala kuti ibale m'malo osazizira kwambiri, panali mpamba waukulu, nyumba zoziziritsira, akatswiri okhala pamunda tsiku lililonse, ndi ogula odziwika zipatso zisanapse. Kumeneko ndi kulimba mtima kotsamira pa umboni. N'kosiyana kwambiri ndi kugula mbande 2,000 chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook, n'kuzisiya m'manja mwa mphwanu amene mumamuimbira foni muli ku ofesi ku Cairo Road. Ena amati kunyumba ya mnzawo ku Woodlands kuli mtengo wa azitona umene umabala. Zikhoza kukhala zoona, ndipo mtengo umenewo ndi wofunika kuudziwa mtundu wake. Koma mtengo umodzi wa pakhomo, wothiriridwa ndi madzi a kapinga, sutiuza makilogalamu a pahekitala, sutiuza kuchuluka kwa mafuta m'chipatso, ndiponso sutiuza ngati unabala zaka zonse kapena chaka chimodzi chozizira kwambiri. Safunsa anadya phula, ndipo mafunso ofunsa wogulitsa mbande ndi osavuta: mtundu wake ndi uti, munda wobala uli kuti kuno ku Zambia, wabala makilogalamu angati pa mtengo kwa zaka zingati zotsatizana, ndipo mafuta ake anayengedwa kuti. Ngati mbandezo zachokera kunja, aonetse chilolezo cha ofesi yoona za matenda a zomera ya ku Mount Makulu, chifukwa kachilombo ka Xylella, kamene kanapezeka ku Puglia ku Italy mu 2013, kapha mitengo ya azitona mamiliyoni ambiri, ndipo kamagwiranso mbewu zina.

Chitsutso china chimati tikapanga mafuta athu tipulumutsa ndalama zakunja. Cholinga chake n'chabwino, koma tiyang'ane msika mmene ulili. Mabanja ambiri a mu Lusaka amaphikira saladi, ndipo ambiri amamugula woyeza pang'onopang'ono pakantemba. Ogula mafuta a azitona ndi mahotela, malesitilanti, mabanja opeza bwino, odwala amene adokotala awalangiza, ndi akhristu ogula timabotolo todzozera. Msika umenewu ulipo, ndipo mafuta atsopano a kwathu kuno akhoza kupeza owakonda, koma ndi msika waung'ono umene minda yochepa ingaudzaze, ndipo uli kale m'manja mwa opanga akuluakulu amene amadzala mitengo yoposa 1,500 pahekitala n'kukolola ndi makina. Ngati nkhawa yathu ndi ndalama zakunja, bowo lalikulu lili pa mafuta ophikira a tsiku ndi tsiku, ndipo mpendadzuwa, soya ndi mtedza, zimene alimi a ku Eastern Province amazidziwa bwino, zili ndi mafakitale ozigula kale monga a ku Lusaka, ku Katuba ndi ku Ndola.

Kodi ndiye tiiwale za azitona? Ayi. Amene ali ndi malo ndipo mtima ukumufunitsitsa adzale mitengo makumi asanu, ya mitundu inayi kapena isanu, kuphatikizapo imene imadziwika kuti sifuna kuzizira kwambiri monga Arbequina ndi Koroneiki. Aike choyezera kutentha pamunda n'kumalemba m'kope za usiku ndi masana kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Alembe tsiku limene mtengo uliwonse wachita maluwa, ayeze zipatso zake pasikelo, alembe ngwee iliyonse imene yatuluka, kuphatikizapo mafuta a galimoto. Malo otsalawo alimepo zimene zimabweza ndalama msanga kuti famu izidzilipira yokha. Asagule makina mpaka mitengo itabala zaka zitatu zotsatizana, ndipo zipatso zoyambazo akhoza kuziviika m'madzi a mchere n'kugulitsa ngati azitona odya, ntchito imene sifuna makina odula. Aonetsetsenso kuti malowo ali ndi mapepala okwanira, chifukwa mtengo wokhala zaka zoposa za munthu sudzalidwa pa malo a kalata ya nyakwawa yokha.

Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi ya boma. Bungwe la kafukufuku wa zaulimi la ZARI ku Mount Makulu ndi sukulu ya zaulimi ya pa UNZA ndi amene ayenera kudzala minda yoyesera m'madera osiyanasiyana, ku Lusaka, ku Mkushi, ku Serenje, ku Mbala ndi kwina kokwera, kusonkhanitsa zimene alimi oyesa okha apeza, ndi kusindikiza zotsatira m'zinenero zimene alimi amawerenga, zabwino ndi zoipa zomwe. Unduna wa Zaulimi ulamulenso kuti wogulitsa mbande za mitengo ya zipatso alembe dzina la mtundu ndi kumene mbandezo zachokera pa lisiti. Kufikira zotsatira zimenezo zitatuluka, inu amene mwagwira ndalama za NAPSA kapena za penshoni, musaike pa azitona zoposa zimene mungathe kudikira zaka khumi osaziona.